Khadi la Utsi ndi Manda a Mlamu Wanga

Ine sukulu ndinalekezera buku lachiwiri, ndipo sindibisa. Kulemba ndimalemba ngati mmene ndinkakumbira ngalande, pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu. Chikunda changa papepala chimandikanika, ndiye ndikulemba Chinyanja cha ku mishoni. Koma msewu ndimauwerenga kuposa mphunzitsi aliyense wa m'boma lino la Mambwe. Ndazinena pamowa, ndazinena pamaliro, lero ndikuzilemba, chifukwa mphunzitsi wina, mkamwini wa m'banja mwathu momwemu, anangotsala pang'ono kumangira mlamu wanga chiliza pamalo pamene sipanaikidwepo ngakhale nyani.

Ndiyambe ndi msewuwo. Masiku amenewo tsidya lija la Luangwa silinali paki ayi, tinkangoti ku gemu, kosungira nyama zakutchire. Alendo ankabwera chilimwe chokha, ochepa, atavala zipewa zazikulu, ndipo onse ankatsikira msewu umodzi wochokera ku Chipata, umene umapindapinda paphiri usanagwere m'chigwa muno. Dzinja lililonse mvula inkaudya msewuwo, chilimwe chilichonse ife tinkaubwezera. Ine ndinali kapitao wa amuna khumi ndi awiri paphiripo. Sanandisankhe chifukwa cha pensulo. Anandisankha chifukwa ndikaima pa kona yoyamba n'kuitana, munthu wa pa kona yachinayi ankaponya fodya pansi n'kugwira piki.

Mmodzi mwa khumi ndi awiriwo anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, munthu wowonda ngati bango koma wakuthwa pakamwa. Ena onse ankandiopa. Iye yekha ankandiyankha.

"Alamu," ankatero, mtanga uli pamutu, "mawu anuwo akanakhala fosholo, bwenzi msewuwu utafika ku Nkwali dzana."

"Inu senzani miyala. Mlongo wanga ndinakupatsani kuti muzimudyetsa, osati muzimuimbira nyimbo."

"Munandipatsa ndinu? Anathawa phokoso lanu n'kudzabisala kwa ine."

Wilibala nthawi imeneyo sitinkaidziwa. Nsangalabwi zothira mumsewu tinkazikumba m'mbali mwa phiri n'kuzisenza m'mitanga, ndipo mtanga uliwonse unkasiya kamulu kake, masitepe atatu kuchoka pa kanzake, ngati ndowe za njovu yoyenda osaima. Pamene madzi amadutsa msewu tinkagoneka mitengo ya tsanya, isanu kapena isanu ndi umodzi, n'kukwirira ndi dothi. Tsanya sawola, chiswe chimamulambalala. Zimenezi m'mabuku a aphunzitsi mulibe.

Chilimwe china kunabwera mzungu wa kamera ya miyendo itatu. Anaima pamwamba penipeni, pamene chigwa chonse chimaonekera, n'kuuza womasulira wake kuti tichoke mumsewu. Tichoke ife. Ankafuna msewu wokha wopanda anthu, ngati unangomera ndi mvula yoyamba pamodzi ndi bowa. Tinakabisala kuseri kwa thanthwe, amuna khumi ndi atatu, ndi mitanga yathu yomwe, iye akudikira kuti mtambo usunthe. Mlamu anati, "Alamu, takhosomolani, mwina mawu anu okha alowa m'chithunzi." Chithunzicho anakachisindikiza pa makhadi olimba aja amene alendo ankagula ku kampu, n'kulemba kumbuyo kwake, n'kutumiza kwawo papositi kuti abale awo aone kumene afika. Msewu wathu unawoloka nyanja. Ife tinatsala kuseri kwa thanthwe.

Chaka chotsatira mvula inafulumira. Anatiuza kuti titseke chigwembe china paphiripo tisanabalalike, ndipo tili pantchito imeneyo mlamu anayamba kunjenjemera ndi malungo. Anandipempha kuti atsike kumudzi mitsinje isanadzaze. Ine ndinakana. Ndinati ndi ulesi, ndipo ndinanena mokweza, onse akumva. Zimenezo ndazilemba kamodzi, sindizibwerezanso. Patapita masiku anayi anamwalira mumsasa, mitsinje ya kumunsi itadzaza kale moti ngakhale njovu ikanaima n'kuyamba yaganiza. Mtembo sukanadikira madzi. Tinamuika paphiri pomwepo ndi mapiki athu a ntchito. Madzi ataphwera ndinatsika kukauza mlongo wanga, mwana wamkazi wa miyezi isanu ali kumbuyo kwake. Ndinamuuza malo: pa kona yachitatu kuwerenga kuchokera pamwamba, kumtunda kwa msewu, patsinde pa mlombwa. Mawu amenewo anawasunga moyo wake wonse, n'kudzawasiyira mwanayo.

Koma msewu sukhala pamodzi. Patapita zaka ziwiri malole anakula, makona athu anawachepera, ndiye kunabwera katapila n'kudula msewu wina chakumunsi, wa makona otambalala. Wakalewo anausiyira udzu. Ndi nthawi imeneyo imene tinalandira mawilibala, ndipo m'malo mwa tsanya tinayamba kukwirira migolo yachitsulo yoboola uku ndi uku. Miyala ya m'mphepete anatiuza tiziipaka laimu kuti iziwala. Kenako kunabwera wa kamera wina n'kuima pamalo omwe aja, chifukwa paphiri lonse ndi pokhapo poonekera chigwa. Nayenso anatithamangitsa. Ndiye makhadi anakhala awiri: phiri limodzi, chigwa chimodzi, misewu iwiri. Kwa munthu amene sanagwirepo piki, ndi chithunzi chimodzi.

Ine kumandako sindinapitenso. Ndinkadutsa pamsewu watsopano tsiku ndi tsiku, maso ali kumunsi. Ocheka matabwa anadzadula mlombwa uja ine ndikumva macheka, osakwera kukawaletsa.

Makhadi awiriwo anafika m'nyumba mwanga padera padera. La msewu watsopano anandipatsa dalaivala wa ku kampu, lili latsopano, losalembedwa kanthu kumbuyo. La msewu wakale linabwera mochedwa kwambiri, ndi malemu mkazi wanga. Iye ankachapa zovala pa kampu ina kufupi ndi Mfuwe, ndipo makhadi akalewo anali atatsalira m'sitolo ya pakampupo zaka ndi zaka, osagulidwa. Dona wina anagula limodzi, analemba tsiku ndi mizere itatu, kenako kaya analakwitsa kaya anakwiya ndi amene ankamulemberayo, analitaya m'dengu la zinyalala. Mkazi wanga analitola, nati n'lolimba bwino, n'kuliika m'buku lake la nyimbo za kutchalitchi kuti lizimusungira tsamba. Linakhala m'menemo, bukulo m'nsalu, nsaluyo m'sutikesi, kutuluka Lamulungu lokha.

Langa lija ndinalisunga mwa nzeru zanga. M'chigwa muno pepala lili ndi adani ambiri. Chiswe chimalowera pansi, mphemvu zimanyambita, makoswe amayalira ana awo, ndipo madzi osefukira akabwera safunsa kuti ichi n'cha yani. Chitupa changa choyamba chiswe chinachimaliza sabata imodzi, n'kungondisiyira chidindo. Ndiye ndinaganiza: mbewu ya mapira timaisunga kuti? Timaipachika kudenga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uzipitikitsa anankafumbwe. Chimene chimasunga mbewu chingalephere kusunga pepala? Ndinalimanga khadilo ndi luzi pamodzi ndi ngala za mapira n'kulipachika. Chaka ndi chaka mapira ankasintha, khadi lili pomwepo. Ndipo ndinene pano, chiswe sichinalikhudze. Palibe ngakhale nsonga imodzi yodyedwa. Kungoti linafiira ngati mlamba wowamba.

Wina asandiseke msanga. Ndinalowapo m'loji ina kuno, mmene anapachika makhadi ngati omwewa pakhoma, m'magalasi, moyang'ana dzuwa la masana. Onse anachita kuyezuka, phiri ndi mtambo osasiyana, msewu utazimiririka. Amene anapachikawo ndi anthu a masatifiketi. Langa phiri likuoneka, msewu ukuoneka, ngakhale udzu wopserera m'mbali ukuoneka, moti ndikhoza kukuuzani kuti anajambula moto wa m'tchire utangodutsa, masamba asanaphukire.

Zaka zinapita, gemu inasanduka paki, ndege zinayamba kutera ku Mfuwe, mkazi wanga anamwalira, mlongo wanganso anatsatira. Asanatseke maso anauza mwana wake uja kuti, bambo ako agona kutchire opanda chiliza, ukawamangire. Mwanayo tsopano anali mayi wa ana akuluakulu, ndipo mwamuna wake ndiye mphunzitsi ndikunenayu. Anabwera onse awiri pa njinga tsiku lina dzuwa litapendeka, simenti atagula kale, mmisiri atamupeza kale.

"Mwaswera bwanji, amalume," anatero mwana wa mlongo wanga atagwada. "Tamva kuti muli ndi zithunzi za msewu wa paphiri. Tikufuna tione pamene anagona atate."

Khadi la utsi ndinali nditalitsitsa kudenga chaka chimene khitchini inagwa, n'kuliika pamodzi ndi linzake m'buku la malemu. Ndinawatulutsira onse awiri pakhonde. Mphunzitsi anavala magalasi, natulutsa kansalu koyera m'thumba, nagwira makhadiwo m'mphepete ngati dzira lotentha. Anati thukuta la zala limawononga zithunzi zakale. Ankanena zala zanga, zimene zinamanga msewu uli pachithunzipo.

Kutsogolo anayang'ana pang'ono, kumbuyo nthawi yaitali. Anthu a sukulu ndi otero. Ukawapatsa mbuzi amayamba n'kuitembenuza kufuna pamene yalembedwa.

"Nkhaniyi ndi yosavuta, amalume," anatero. "Lofiirali ndiye lakale. Pepala likamakalamba limafiira, n'zodziwika. Loyerali n'laposachedwa, ndipo onani, lili ndi tsiku kumbuyo. Chaka chimenechi mkazi wangayu anali atayamba kale sukulu. Ndiye msewu umene unalipo pamene apongozi ankamwalira ndi wa pa lofiirali. Tiwerenga makona atatu pamenepa, basi."

"Aphunzitsi," ndinatero, "loyeralo ndiye lakale."

Anamwetulira ngati mmene amamwetulirira mwana amene wati thuu kuphatikiza thuu ndi faifi.

"Mwina mwaiwala, amalume. Papita nthawi."

Ndinakweza mawu, nkhuku zinabalalika pabwalo. Ndinawaonetsa timilu ta mitanga pa khadi loyera, ting'onoting'ono, totsatana. Ndinawaonetsa milu ya wilibala pa lofiira, ikuluikulu, yotalikirana. Ndinawaonetsa mitu ya tsanya ikusuzumira pansi pa msewu uku, kukamwa kwa mgolo uko, ndi miyala ya laimu imene mlamu wanga sanaionepo ndi maso ake. Ndinati munthu amene tinamuika uja anafa masiku a mtanga, wilibala sanaigwirepo. Mphunzitsi anayandikiza khadi kumaso, nati iye akungoona timadontho.

"Timadontho tikhoza kukhala chilichonse, amalume. Koma tsiku lolembedwa ndi tsiku lolembedwa. Nanga ngati lofiirali n'latsopano, lafiira ndi chiyani?"

Apa ndiye ndinalakwa, ndipo ndikuvomera. Yankho linali pakamwa, koma ndinaona anthu. Akazi awiri oyandikana nane anali ataima kumpanda ndi ndowa zawo, akumvetsera. Ndinene pamaso pawo, ndi pamaso pa mkamwini wa magalasi, kuti ine kapitao ndinawamba chithunzi kudenga ngati nsomba? Nkhaniyo ikanafika kumsika wa ku Mfuwe ine ndisanasambe m'maso. Ndinangoti, "Lafiira chifukwa lafiira. Ine ndinali paphiripo inu musanabadwe."

Vuto la munthu wa mawu aakulu ndi lakuti anthu amazolowera. Ndinanenapo pamowa kuti ndinakankha lole ndekha pachitunda, pamene tinali anayi. Ndinanenapo kuti njati inandiona n'kuthawa. Ndiye tsiku limene ndinanena zoona zokhazokha, mwana wa mlongo wanga anayang'ana ine, nayang'ana mwamuna wake ndi kansalu kake koyera, nati, "Zikomo amalume, tamva." Anabwereka khadi lofiira n'kupita nalo.

Patapita masiku asanu, munthu wina wogulitsa makala pa njinga anandiuza kuti wawaona paphiri, pa kona yachitatu ya msewu wa malole, akukumba maziko. Anati apezanso chitsa pamenepo, ndipo aphunzitsi akondwa kwambiri. Chitsa. Phiri lonse lija ndi zitsa zokhazokha.

Tsiku limenelo chakudya chinandikana. Ndinkaona mwana uja akugwada chaka ndi chaka pa simenti imene pansi pake pali miyala ndi nyerere, akuitana atate, bambo akewo ali kumtunda m'udzu okhaokha. Ndipo zonsezo chifukwa ine ndinaopa akazi awiri a ndowa.

M'mawa mwake ndinavala jekete, ndinatenga khadi loyera ndi ndodo, n'kukwera minibasi ya ku Chipata. Pofika paphiri kondakitala anafuna kundipitiriza. Ndinaitana kamodzi, dalaivala anaponda mabuleki asanauzidwe.

Ndinawapeza atatu: mwana wa mlongo wanga, mphunzitsi, ndi mmisiri. Maziko anali atafika m'mawondo, njerwa zitaunjikidwa, matumba a simenti atafunditsidwa. Khadi lofiira mphunzitsi anali atalilowetsa m'kathumba ka pulasitiki koonekera, nalembapo ndi inki kuti lakale.

Iye sindinamupatse moni. Ndinauza mwana wa mlongo wanga kuti, "Tulutsa khadilo m'thumbamo. Linunkhize."

"Amalume?"

"Nunkhiza, mayi. Mphuno sinapite kusukulu, ikadali yabwino."

Ananunkhiza. Ananunkhizanso. Kenako ananyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta m'mphepete, mwamuna wake akuti ayi ayi, ndipo chala chinabwera chakuda, pamene chinadutsapo pepala lili mbee.

"Ndi mwaye uwu," anatero. "Likununkha kukhitchini."

"Linakhala kudenga ndi mapira zaka zambiri. Ndinalipachika ndine. Ndinkaopa chiswe."

Mmisiri ndiye anayamba kuseka. Anakhala pansi panjerwa n'kugwira m'mimba. Mwana wa mlongo wanga anaphimba pakamwa ndi chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Amalume, munawamba msewu? Mchere munathira?"

"Seka. Ukamaliza uliyang'ane, undiuze ngati pali podyedwa."

Mphunzitsi sanaseke. Anati za utsi zamveka, koma tsiku lolembedwa lija likadalipo. Ndinamufunsa ngati tsiku limene iye analemba kalata yofunsira mkazi wakeyu ndilo tsiku limene pepalalo linapangidwa. Ndinamuuza za dona uja ndi dengu la zinyalala, ndi za makhadi amene anagona m'sitolo zaka. Anati zimenezo zilibe umboni. Munthu waima paphiri, umboni uli pansi pa mapazi ake, iye akuufunafuna kumbuyo kwa pepala.

Mwana wa mlongo wanga ndiye anadula nkhani. Anauza mmisiri kuti, "Simentiyo musatsegule kaye." Kenako anatembenukira kwa ine. "Tiyeni mutionetse msewu wanuwo, amalume. Ukapezeka, tikumverani. Ukapanda kupezeka, timanga pano, ndipo musadzanenenso kanthu."

Tinakwera mpaka pamwamba pamene ankaima a kamera, ine ndikupumula kanayi panjira. Ndinatambasula dzanja ndi khadi loyera, n'kulinganiza nsonga ya phiri la kutsogolo ndi nsonga ya pachithunzi. Maso anga ndi ofooka tsopano, koma nditalinganiza ndinaona mzere m'tchire, pamene mitengo ndi yaifupi kuposa inzake, ukupindira kumanzere pamene msewu wa malole umapindira kumanja. Pa nsangalabwi zopondedwa mtengo umamera koma sukula. Tinalowa m'udzu, mmisiri patsogolo ndi chikwanje, mphunzitsi pambuyo akuthothola chisoso pathalauzi. Mapazi anga anaudziwa msewuwo maso asanauone: pansi pali thyathyathya, polimba, mbali iyi khoma, mbali iyo phompho. Kona yoyamba. Yachiwiri. Tisanafike yachitatu mmisiri anapunthwa pa chinthu, nakanda ndi chikwanje, ndipo inali mitu ya tsanya, isanu, yogonekedwa mwa dongosolo, yakuda koma yolimba ngati tinaiika dzulo.

"Aphunzitsi," ndinatero, "bwerani mudzawerenge timadontho."

Mphunzitsi anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Ndikanakonda nkhani ikanathera pamenepo, ine nditaima pa tsanya chifuwa chili patsogolo. Koma tinafika pa kona yachitatu, ndinayang'ana kumtunda, ndipo sindinapadziwe. Phiri linali litagumuka chaka china, sindikudziwa liti, dothi ndi miyala zinatsika n'kukwirira malo onse. Chitsa cha mlombwa panalibe. Mulu wa miyala umene tinaunjika pamanda panalibe. Panali potsetsereka pokhapokha, udzu ndi minga, malo okwana nyumba ziwiri.

Onse atatu ankandiyang'ana. Ndinakwera ndi ndodo, mawondo akulira, ndinayenda uku, ndinayenda uko. Ndinayesa kukumbukira kumene dzuwa linali tsiku la maliro, koma tsiku limenelo kunali mvula. Ndinayesa kupeza thanthwe limene tinatsamiritsa mapiki, koma matanthwe onse ankaoneka achilendo. Pamapeto ndinasankha pakati pa malo ogumukawo, ndinabaya ndodo pansi, n'kunena mokweza kuti phiri lonse limve, "Ndi pano."

Mphunzitsi anatsegula pakamwa, mkazi wake anamuyang'ana, anatseka. Kenako mayiyo anakwera n'kudzaima pafupi nane, pafupi kwambiri, nafunsa motsitsa kuti enawo asamve.

"Amalume, ndi pano penipeni?"

Ndinangoyang'ana ndodo yanga.

Anaima kanthawi, akuyang'ana uku ndi uko pamalo ogumukawo. Kenako anaitana mmisiri. "Bambo, chija tinagwirizana chachepa. Muyambire pa ndodo ya amalume, mupite masitepe folo uku, folo uko, kumtunda ndi kumunsi chimodzimodzi. Chikhale chotambalala."

Mmisiri anati chiliza chotero sanamangepo chibadwire, anthu adzayesa khonde la sitolo, ndipo simenti siikwana. Mayiyo anati ina ibwera. Mphunzitsi anafuna kunena kuti chiliza chili ndi muyeso wake, koma anaona nkhope ya mkazi wake, n'kutsika kukatenga njerwa.

Anamanga masabata awiri. Makhadi onse awiri tsopano ali kwa mphunzitsi, m'mapulasitiki, m'kabati ya mabuku. Ndinamulola atafufuta kaye chija analemba, n'kulemba chimene ndinamuuza ine, ine nditaima pambali ndikuyang'ana dzanja lake. Ndamva kuti amawaonetsa ana a sukulu n'kumawaphunzitsa kusiyanitsa mulu wa mtanga ndi mulu wa wilibala, ngati anazitulukira yekha. Aphunzitse, ndi ntchito yake.

Ine mwina ndinaphonya ndi masitepe atatu, mwina asanu, sindikudziwa ndipo sindidzadziwa. Mphunzitsi anaphonya ndi msewu wathunthu, ndipo zimenezi ndidzazinena mpaka tsiku langa.

Tsiku lotsegulira chiliza tinakwera anthu ambiri, abusa ndi amayi a nyimbo, tonse tikupuma movutikira m'udzu. Abusa anafunsa kuti kumutu ndi kuti, kuti aime koyenera. Anthu anayang'ana ine. Ndisanatsegule pakamwa, mwana wa mlongo wanga anati, "Imani paliponse, abusa." Mayiyo anagwada mbali ya kumtunda, nadzuka, nakagwada mbali ya kumunsi, kenako kumanzere, kenako kumanja, ndipo paliponse ananena mawu omwewo motsitsa: "Atate, ndine, ndabwera."